Mfutso wa Ambuya Wafika M'masitolo a ku Lusaka

M'masitolo akuluakulu a ku Lusaka masiku ano muli mashelefu a zakudya zimene amati n'zopatsa thanzi. Mupezamo ufa wa malambe m'timapaketi tokongola, masamba a chamwamba opera, ufa wa mawere ndi wa mapira, uchi wa m'tchire, chiponde chopanda shuga ndi nkhwani wouma. Ogula ambiri ndi anthu a m'maofesi amene anauzidwa kuchipatala kuti shuga wakwera kapena magazi akuthamanga. Ndalama zake mlimi wa kwathu sangazikwanitse. Ine ndinabadwira ndi kukulira kufupi ndi Sasare, kumpoto kwa boma la Petauke, ndipo pafupifupi zonsezi ndinazidziwira pakhomo pa ambuya, kumene zinali chakudya wamba cha tsiku ndi tsiku. Zinachoka bwanji m'mbale mwathu, ndipo zabwerera bwanji zitakwera mtengo chonchi? Nkhani yake ndi yaitali, ndipo muli msonkho, migodi, sukulu, feteleza ndi manyazi.

Chimanga si mbewu yakale ya Ansenga. Chinachokera ku America, n'kufika kuno kudzera mwa Apwitikizi ndi amalonda amene ankayenda mumtsinje wa Zambezi, ku Tete, ku Zumbo ndi ku Feira. Ambuya ankatiuza kuti pa utsikana wawo nsima yeniyeni inali ya mapira ndi mawere, ndipo chimanga ankachikonda kwambiri chili chachiwisi, chootcha kapena chophika. Pamene ine ndinkakula m'zaka za m'ma 1960, chimanga chinali chitalanda kale mbali yaikulu ya munda, koma munda wa ambuya sunali wa mbewu imodzi. Pakati pa chimanga pankayanga maungu ndi khobwe. Mapira anali ndi chigawo chawo, nsawa ndi nzama chawonso, mbatata pamizere yake kumunsi. Popalira, ambuya sankazula chilichonse chimene khasu lakumana nacho. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje ankazisiya dala, ndipo mwana akazidula ankadzudzulidwa kuti wataya ndiwo.

Tchire nalo linali ndi nyengo zake. Mvula yoyamba ikagwa kunkatuluka inswa ndi bowa. Masuku ankapsa chaka chikamatha. Tikakolola, anyamata ankapita kokumba mbewa. M'chilimwe tinkatola masau, bwemba ndi malambe, makamaka kumunsi kolowera kuchigwa cha Luangwa kumene milambe ili yambiri. Palibe ankawerenga mavitamini, koma mbale inkasintha mwezi ndi mwezi.

Ntchito imene ndimaikumbukira bwino ndi yofutsa. M'mwezi wa March ndi April, masamba akachuluka mpaka kutikwana, ambuya ankatitenga atsikana m'mamawa kukathyola nsonga za khobwe ndi nkhwani wanthete. Tikafika kunyumba tinkakhala pamphasa kusadzula nkhwani mpaka zala kuyabwa. Iwo ankaika masambawo mumphika waukulu wa madzi owira, osawalola kupsa, n'kuwatsanulira m'lichero kuti madzi akhe. Kenako tinkawamwaza pamphasa, wina n'kukhala pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Akauma mpaka kumathetheka m'manja, ambuya ankayala masamba akuluakulu a msuku, n'kuunjikapo mfutso, n'kukulunga, n'kumanga zolimba ndi luzi. Chimenecho ndicho chikwatu. Ankazipachika kudenga la khitchini, kumene utsi unkaletsa tizilombo kulowamo. Mu October, dziko litauma gwa, mbuzi zikudya makungwa, ankamasula chikwatu chimodzi, kuviika mfutso pang'ono, kuthira matimati ndi nsinjiro, ndipo banja lonse linkadya masamba ngati kuli dzinja.

Sindikunena kuti kale kunalibe mavuto. January ndi February inali miyezi yowawa, nkhokwe zikapepuka. Chaka cha chilala kapena cha dzombe anthu ankagona ndi njala, ndipo ana ambiri ankamwalira asanayambe kuyenda. Koma mbewu imodzi ikakanika, ina inkatsala, ndipo nzeru yonse ya munda wa makolo inagona pamenepo.

Kusintha kunayamba ndi msonkho. Kampani ya British South Africa Company italanda dziko lino n'kuika likulu lake la kum'mawa ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, mwamuna aliyense anayenera kupeza ndalama. Mgodi wa golide wa ku Sasare, umodzi mwa migodi yoyambirira ya azungu m'dziko muno, unatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ena anagwira ntchito kumeneko. Ambiri anayenda pansi kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku Copperbelt. Kulikonse kumene anapita, phoso linali ufa wa chimanga, nyemba pang'ono ndi mchere. Atabwerera, pakamwa pawo panali patazolowera nsima ya chimanga.

Kumudzi kunatsala amayi, ndipo ntchito inawachulukira. Mapira ndi mawere n'zolemetsa. Ngala zikayamba kukhwima, pamafunika munthu pansanja kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, kukuwa ndi kuponya miyala kuti mpheta zisathe munda. Imeneyo inali ntchito ya ana, koma ana anayamba kupita kusukulu za amishoni, monga za ku Minga ndi ku Nyanje, ndi tisukulu tawo ta m'midzi. Ukakolola pamafunikanso kupuntha, kupeta ndi kupera pamphero utagwada. Chimanga chili ndi makoko otchinga mbalame, chimabereka kwambiri mvula ikagwa bwino, ndipo chigayo chitafika chinachepetsa ntchito ya mtondo. Mayi wotsala yekha ndi ana asanu sanalakwe kusankha chimanga.

Titalandira ufulu mu 1964, boma linaika mphamvu zake zonse pa mbewu imeneyi. Mbewu ya haibulidi ya SR52, imene inatuluka ku Southern Rhodesia mu 1960, inafalikira kwa alimi ang'onoang'ono. Mu 1969 kunakhazikitsidwa NAMBOARD, imene inkabweretsa feteleza ndi kugula chimanga m'madepoti a kumidzi pamtengo woikidwa ndi boma. Kenako kunabwera pulogalamu ya Lima ndi mbewu zatsopano zochokera kumalo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu. Atata ankatenga ngongole ya feteleza, kubzala m'mizere yoongoka, ndi kupalira munda kuti uyere monga alangizi ankafunira. Chaka chabwino ankagula njinga, wailesi kapena malata, ndipo fizi yathu ya sukulu inachokera m'matumba amenewo. Zimenezo ndimaziyamikira. Koma ngongole ya mawere kunalibe, ndipo nzama zinalibe depoti. Mbewu imene ilibe msika imayamba kuchepa m'munda, kenako imasowa ndi m'chiphanda chosungira mbewu.

M'matauni, ufa wotsika mtengo unasanduka pangano pakati pa boma ndi anthu. Mu December 1986, boma litakweza mtengo wa ufa woyera wa breakfast meal, ku Copperbelt kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa, mpaka a Kenneth Kaunda anabweza chigamulocho. Mu June 1990 zinachitikanso ku Lusaka. Kuyambira pamenepo, boma lililonse limadziwa kuti nkhani ya ufa ikhoza kuligwetsa, ndipo thandizo la feteleza limene linayambanso mu 2002 linapita makamaka ku chimanga.

Manyazi anamaliza zimene ndondomeko za boma zinayamba. Mlendo wochokera ku Lusaka akafika, amama ankabisa luni n'kutumiza mwana kukagula kabichi kapena repu ndi kabotolo ka saladi. Nsima yofiira ya mapira inasanduka chizindikiro chakuti pakhomopo chimanga chatha. Mgaiwa ankati ndi wa kundende ndi wa kusukulu zogonera komweko. Atsikana a msinkhu wanga tinaphunzira kukazinga, ndipo ambiri sitinaphunzitse ana athu kumanga chikwatu.

Chimene tinataya chimayezeka. Njere ya chimanga ili ndi khungu ndi kamtima, ndipo m'menemo ndi mmene muli mafuta, ayironi ndi mavitamini a gulu la B ambiri. Ufa ukayeretsedwa kwambiri, zimenezi zimapita ku gaga wa nkhumba, ife n'kutsala ndi chokhutitsa chokha. N'zoona kuti amayi athu nawonso ankakonola, kuviika mphale ndi kusinja ufa woyera, koma ndiwo zawo zinkabweza zimene mtondo wachotsa. Mawere ali ndi kashiamu, wolimbitsa mafupa ndi mano, woposa mamiligalamu 300 pa magalamu 100 alionse, pamene chimanga sichifika ngakhale 20. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsawa ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka lake ndi mafuta. Mafuta amenewo ndi amene amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba obiriwira, choncho nkhwani wotendera amapindulitsa kuposa wongowiritsa. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka kangapo kuposa malalanje, ndipo vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Chimera chimene amathira m'thobwa chimasungunula phala lolimba, mwana n'kumwa chakudya chambiri m'kapu yaing'ono.

Kuopsa kodalira chimanga chokha kunaonekera poyera pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ena mwa othawa nkhondoyo anafikira kwathu ku Ukwimi kuyambira mu 1987, kumene anapatsidwa minda yoti azidzilimira. Anzawo ochuluka anali m'misasa ya ku Malawi, kudalira chakudya chogawidwa. Mu 1990 nsawa zinasowa pa chakudyacho kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, matenda amene amadetsa ndi kusenda khungu pakhosi ndi m'manja pomwe dzuwa limaomba, kutsegula m'mimba, ndi kusokoneza mutu. Amayamba thupi likasowa niacin, mmodzi mwa mavitamini a gulu la B. Chimanga chili naye, koma womangika moti thupi silingamutenge bwino. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa kuti amasuke. Mbewuyo inafika kuno popanda luso limenelo, ndipo chimene chinkatiteteza ndi nsawa, khobwe ndi tinyama ta m'tchire.

Lero chigawo cha Kum'mawa chimatsogola pa ulimi wa nsawa m'Zambia, ndipo chili m'gulu la zigawo zokolola chimanga chambiri. Komabe kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti ana 40 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira, ndipo wa 2018 anapeza 35, chigawo chathu chili pafupi ndi chiwerengero chomwecho. Mwana akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse koma osakula bwino.

Kubwerera kwa zakudya zakale kunayambira kutali. Mu 2008 mayiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kumeneko ngati chakudya, bungwe la PhytoTrade Africa litapempha, ndipo America inatsatira mu 2009. Chipatso chimene ana athu ankaswa pamwala n'kumamung'unya popita kodyetsa mbuzi chinayamba kuthiridwa m'zakumwa za ku London. Kuno kwathu, mayi Sylvia Banda a ku Sylva Food Solutions anaphunzitsa alimi ambiri kuumitsa ndiwo zamasamba mwaukhondo, n'kuziika m'mapaketi ogulitsa m'masitolo. Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, limagula nsawa, soya, mpunga ndi uchi kwa alimi, ena a iwo anthu amene anapereka mfuti ndi misampha n'kusiya kupha nyama, ndipo limazigulitsa pa dzina la It's Wild! Mu 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe a dziko lino, okhala ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo tizilombo todyedwa monga inswa tinalembedwamo pamodzi ndi nsomba ndi nyama. Bungwe la United Nations linatcha 2023 chaka cha mawere, mchewere ndi mbewu zina za mtundu umenewo.

Dera lathu lalowanso m'mabuku a sayansi. Mu 2012 Zambia inatulutsa mbewu za chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, ntchito ya bungwe la HarvestPlus ndi akatswiri a boma a zaulimi. Poyamba anthu anachikayikira, pokumbukira chimanga chachikasu cha thandizo chimene tinadya pa chilala cha 1992. Chaka chomwecho cha 2012, akatswiri a ku yunivesite ya Wisconsin ku America, pamodzi ndi a National Food and Nutrition Commission ndi a Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola, anadyetsa ana a m'midzi ya ku Nyimba chimanga chimenechi kwa masiku 90. Anapeza kuti chinaonjezera vitamini A m'thupi mofanana ndi mankhwala ake. Koma anapezanso chimene sankayembekezera: ana ambiri anali kale ndi vitamini A wochuluka kuposa muyezo m'chiwindi. Shuga wa m'Zambia amathiridwa vitamini A kuyambira mu 1998, ana amalandira makapisozi kukiliniki, ndipo pa nyengo ya mango ena ankadya mpaka zikhato kusanduka zachikasu. Phunziro lake ndi lakuti thupi silifuna chinthu chimodzi chochuluka. Limafuna zinthu zambiri, chilichonse pamlingo wake.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi mmene zakudya zimenezi zikugulitsidwira tsopano. Pa Facebook ndi m'mabasi a pamsewu wa Great East mumamva kuti chamwamba chimachiza matenda alionse, kuti ufa wa malambe umathetsa shuga. Chamwamba ndi ndiwo yabwino, ya ayironi ndi zomanga thupi, koma si mankhwala a kachilombo, ndipo munthu wosiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha supuni ya ufa wobiriwira akuika moyo wake pachiswe. Nsima ya mapira kapena ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba ndipo ndi yabwino kwa wodwala shuga kuposa ya ufa woyera, koma nayonso imafuna muyezo. Ambuya sankadya malambe ndi supuni m'mawa ngati mankhwala. Ankawasungunula m'madzi, kusefa njere, n'kuthira m'phala la ana.

Dandaulo langa lalikulu ndi la kumudzi. Msika ukafika, zabwino zimakwera lole. Nsawa zonona zimagulitsidwa, ndipo zofwapa ndi zachuku ndi zimene zimatsala kuti zisinjidwe nsinjiro za ana. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike motani. Chizolowezi chowaza madzi pa nsawa kuti zifewe posenda chimachulukitsa chukucho. Ndaonapo mayi atagulitsa uchi ndi nsawa pamsika wa ku Petauke, n'kugulira mwana wake zakumwa zotsekemera ndi tokhwasula ta m'mapaketi, ali wokondwa kuti wamugulira zabwino. Mtima wake ndi wachikondi, koma wagulitsa chakudya n'kugula shuga ndi mchere. Ku Nyimba nthochi zimadzaza m'mbali mwa msewu kudikira apaulendo, pamene m'midzi yozungulira muli ana amene sadya chipatso tsiku lililonse.

Palinso zina zakale zofunika kukonza. Soda wambiri m'ndiwo amapha mavitamini, choncho asiyidwire therere, ndipo akhale wochepa. Masamba oyanikidwa padzuwa lamphamvu amataya vitamini A wambiri. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, pathandala lokwera kumene fumbi ndi ziweto sizifika, kumasunga mtundu ndi mphamvu yake. Apa sayansi ikuwongola luso la makolo popanda kulinyoza.

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni chitapserera. Chaka chimenecho chinatikumbutsa chifukwa chimene makolo ankasungira mapira, mchewere, khobwe ndi chinangwa, mbewu zopirira dzuwa. Nyengo zikusintha, ndipo zilala zotere zibweranso. Munda wa mbewu imodzi sungatipulumutse.

Pempho langa likupita kwa anthu a kwathu ku Sasare, ku Ukwimi, ku Petauke ndi ku Nyimba. Agogo amene akusungabe mbewu ya mawere, mapira ndi nzama alipo, koma akutha. Pitani mukapemphe kambale kamodzi, mubzale mizere ingapo chaka chino, ndipo mukakolola mugawireko mnzanu. Mafumu athu apereke malo pa miyambo monga Tuwimba kuti amayi azisinthana mbewu ndi kuonetsa achinyamata kufutsa. Aphunzitsi abzale bonongwe ndi chamwamba m'minda ya sukulu pambali pa repu. Boma, pogawa mbewu ndi pogula zokolola, likumbukire kuti chakudya si chimanga chokha. Ndipo inu amayi ndi abambo, ogula a ku Lusaka akafika, gulitsani ndithu, pakuti ndalama n'zofunika. Koma musanatsegule thumba, patulani nsawa zabwino, uchi ndi malambe a ana anu. Mwana wa mlimi ndiye ayenera kuyamba kudya.